Buluu Wochapira ndi Nkhope ya Amayi

Ndinayamba kujambula zinthu za buluu chifukwa cha foni yodwala, osati chifukwa cha nzeru zilizonse. Foniyo ndinaigula yakale pamsika wa Mangochi, kwa bambo wina amene analumbira kuti yangofika kumene kuchokera ku Joni. Kuyimba inkayimba bwino, koma kamera yake inali ndi vuto. Ukajambula tomato ankatuluka ngati woola, ukajambula munthu nkhope inkachita mbuu ngati wagwa m'phulusa. Buluu yekha ndi amene ankatuluka bwino, mwinanso kuposa mmene maso amamuonera. Nditabwerera kukadandaula, bamboyo anandiuza kuti anthu a ku Mangochi ndife otuwa kale ndi dzuwa, ndisanamizire foni. Ndinamutukwana chamumtima, koma foni ndinakhala nayo.

Ntchito yanga ndi yotayipa makalata ndi kupanga fotokope m'kasitolo kena pa boma. Nthawi ya nkhomaliro, anzanga akakhala pamthunzi kumakamba za anthu, ine ndinkatenga foni n'kuyamba kuyenda m'mizere ya msika ndi m'tinjira ta kuseri kufunafuna buluu. Poyamba kunali kungotaya nthawi. Kenako ndinadziikira malamulo, chifukwa ndine munthu woti popanda lamulo ndimangoyamba zinthu osamaliza. Chithunzi chimodzi patsiku, osapitirira. Nyanja ndi thambo ayi, zimenezo amajambula ngakhale mlendo amene watsika basi lero. Ndinkafuna buluu amene wadutsa m'manja mwa munthu: chitseko chopakidwa penti yotsala pa boti, mgolo wa madzi wosuluka mbali imodzi ndi dzuwa, neti ya udzudzu yotchingira nkhuku pa dimba la mpiru. Mayi wina anandithamangitsa ndi tsache poganiza kuti ndatumidwa ndi ofesi kudzalemba nyumba zoti zigwetsedwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuyamba ndapereka moni ndisanatulutse foni. Loweruka lina ndinakwera mpaka ku Malindi chifukwa chongomva kuti amayi a tchalitchi cha kumeneko amavala mipango ya buluu. Ndinawapempha, anaseka, anandilola kujambula mipangoyo itayanikidwa pa mpanda. Anthu a pamsika anayamba kunditcha mayi wa buluu, ena n'kumati mutu wanga suyenda bwino. Zimenezo sizinkandikhudza.

Chimene chinkandikhudza chinali ku Chiponde, kumene kumakhala amayi anga. Abambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi. Ndikatseka maso kuti ndiwakumbukire ndimaona kofiya yoyera pamwamba, ndevu pansi, pakati palibe kanthu. Zimandipweteka mpaka lero, ndipo ndimachita manyazi kuvomera kuti munthu amene anandinyamula pamapewa ndikanakumana naye panjira ndikanamudutsa. Amayi nawonso analibe chithunzi. Anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe, ndipo chiyambire kukhala ndi nzeru sindinawaonepo ataima patsogolo pa kamera. Pa ukwati, wojambula akangotulukira, iwo ankapezeka ali kukhitchini. Pamene kunabwera kalembera wa ziphaso za unzika, anakagona kumunda masiku angapo, ati akulondera anyani. Ukawapempha, yankho linali limodzi, m'Chiyao chawo: ngwamba. Ndiye kuti ayi, ndipo amayi akati ayi sabwereza kawiri.

Kwathu sindinkapitako kawirikawiri, ndisaname. Msewu wokwera mapiri a Chowe umandichititsa chizungulire, ndipo ndinali ndi zifukwa zina zambiri zimene munthu amazipeza akazifuna. Shuga ndi sopo ndinkangopatsira kondakitala wa minibasi. Ndiye nditapita ulendo wina patadutsa miyezi inayi, ndinadzidzimuka kuona khosi la amayi litaonda, masaya atalowa. Iwo ankati ndi mano chabe amene aguluka, koma ine mantha anandigwira. Tsiku lomwelo ndinalumbira mumtima kuti nkhope iyi siidzandithawa ngati ya abambo. Afune asafune, ndidzawajambula.

Amayi amachapa mikanjo yoyera ya azibambo a ku mzikiti. Lachinayi m'mamawa imabwera m'mitolo, Lachisanu imabwerera kwa eni ake itasitidwa. Ochapa alipo ambiri pa Chiponde, koma mkanjo wochapa amayi umadziwika uli patali, ndipo chinsinsi chake ndi beseni lomaliza. Akatsukuluza kawiri, amatenga kachidutswa ka buluu wochapira, kaja kolimba ngati mwala, n'kukamanga m'kansanza. Amakaviika m'madzi n'kumakazunguliza pang'onopang'ono, kenako amatunga madziwo m'chikhatho n'kuwayang'ana. Mizere ya m'chikhatho ikamaoneka bwinobwino ndiye kuti buluu wachepa, ikabisika ndiye kuti wachuluka ndipo athirenso madzi. Mkanjo suchedwa m'menemo. Amangouviika, kuutembenuza, n'kuutulutsa. Ukauma suoneka wa buluu, umangoyera moti umalasa maso padzuwa. Mtunduwo umatsala pa zala za amayi zokha, m'mbali mwa zikhadabo, ndipo suchoka ngakhale asambe ndi mchenga.

Ndinaona kuti polowera ndi pamenepa. Ndinapempha tchuthi Lachinayi lina, ndinakwera minibasi yoyamba, ndipo ndinawapeza ali pa beseni lomaliza. Ndinawafotokozera za malamulo anga a buluu, ndinawaonetsa zitseko ndi migolo. Anandiyang'ana ngati munthu wofunika mankhwala, koma anati beseni lilibe mlandu ndi aliyense, ndilijambule. Ndinajambula beseni. Ndinapempha manja, anazengereza pang'ono, kenako anawasiya m'madzi momwemo. Lamulo langa la chithunzi chimodzi ndinaliphwanya pomwepo. Ndiye anadzuka kukayanika mkanjo, anautambasula m'mwamba, ndipo kuwala kwa nsalu yoyerayo kunawagwera pankhope. Sindinganamizire chala kuti chinadina chokha. Ndinadina ndikudziwa chimene ndikuchita.

Chithunzicho chinatuluka bwino modabwitsa. Foni yodwala ija, imene inatuwitsa anthu onse a pa boma, inatulutsa amayi monga alili, khungu lawo lakuda bwino, makwinya a m'mbali mwa maso, ngakhale kachipsera ka pachibwano. M'minibasi pobwerera ndinkangochiyang'ana. Chimene chinandipweteketsa ndi kunyada. Nditafika ndinachiika pa sitetasi kuti anzanga aone kuti mayi wa buluu si wamisala, ndipo ndinaiwala kuti mlamu wanga, mkazi wa achimwene amene amakhala bwalo limodzi ndi amayi, ali ndi nambala yanga. Iye analibe choipa mumtima. Anangothamanga nacho kwa amayi kukawauza kuti atuluka bwino. M'mawa mwake uthenga unandipeza woti ndipite kumudzi.

Ndinawapeza atakhala pa khonde, manja ali pa maondo opanda chogwira, chinthu chimene sindinachionepo masana. Moni anayankha. Kenako anafunsa kuti chithunzicho achiona ndani, ine ndinati anzanga ochepa chabe.

"Unditchulire mayina awo onse," anatero.

Sindinathe. Sindinkadziwa ngakhale kuti ndi angati, kapena ngati wina anachisunga. Ndipamene anandiuza, koyamba m'moyo wanga, chifukwa chimene amathawira kamera. Atangowoloka malire anajambulidwa pa msasa wa othawa nkhondo, nkhope ndi dzina n'kulowa m'kaundula. Nkhondo itatha, kaundula yemweyo ndi amene anaitanira anthu okwera malole obwerera kwawo. Anzawo anapita. Iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa kuno, ndipo kwawoko kunalibenso munthu woti akamupeze. Kuyambira pamenepo akhala zaka zonsezi pafupi ndi chipata cha malire, akuona mayunifolomu tsiku ndi tsiku, ali ndi mantha akuti tsiku lina wina adzafananiza nkhope ndi pepala n'kuwauza kuti nyamulani katundu.

Ndikanakhala munthu wofatsa ndikanawagwira dzanja. Koma ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinawauza kuti palibe amene akuwasaka, kuti mabanja ambiri a pa Chiponde anabwera njira yomweyo ndipo akugona tulo, kuti ngakhale a pa chipatawo amawapatsa moni podutsa. Zonsezo zinali zoona, koma sizinali zimene ankafuna kumva. Kenako ndinanena chimene sindikanayenera kunena.

"Amao, mukufuna mudzapite ngati abambo, osandisiyira kanthu?"

Sanakweze mawu. Anati ndifufute pamaso pawo, mlamu afufutenso, ndipo foni yangayo isadzalowenso pabwalo pawo. Ndinafufuta misozi ili m'maso, ya mkwiyo osati ya chisoni.

Foni imasunga zofufutidwa masiku angapo isanazitayiretu, ndipo amayi zimenezo sankazidziwa. Sabata yonse ndinkatsegula pamenepo mobisa ngati munthu wakuba ndiwo mumphika. Koma nditachiyang'ana nthawi yaitali ndinayamba kuona chimene chinali cholakwika. Amayi sankandiyang'ana. Maso awo anali pa mkanjo, ndipo chinali chithunzi cha munthu amene sakudziwa kuti akuberedwa. Ndinachifufutiratu ndekha. Kenako ndinanyanyala miyezi iwiri osapita kwathu, chifukwa ngakhale ndinadziwa kuti ndalakwa, kupepesa kunkandilemera pakamwa.

Lumbiro langa lokha sindinalisiye. Ndinangosintha njira: chakuba ayi, adzandipatsa okha, ngakhale zitenge zaka. Ndinasankha zithunzi zanga za buluu makumi awiri n'kukazitsukitsa pa pepala. Nditatsika pa Chiponde foni ndinaisungitsa kwa mayi wogulitsa mandasi pa siteji, ndipo pabwalo ndinalowa ndi envulopu yokha. Ndinapepesa mwachidule, iwo anangogwedeza mutu. Ndinayala zithunzizo pa mphasa. Amayi anadutsa kawiri ngati sakuziona. Kachitatu anaima, analoza chitseko cha penti ya boti n'kunena kuti wopakayo anali woumira, anathira parafini wambiri mu penti kuti ichuluke. Analoza neti ya pa dimba, anati imeneyi inaphedwa ndi sopo wamphamvu. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kuziika m'milu iwiri, wina wa buluu wamoyo, wina wa buluu wakufa. Mulu wa wakufa unali waukulu, ndipo munali zithunzi zimene ndinkazinyadira kwambiri. Ndinatsutsa, iwo sanabwerere m'mbuyo, tinakangana mpaka tiyi anazizira.

Kuyambira pamenepo ndinkapita masabata awiri aliwonse ndi envulopu yatsopano, makamaka pofuna kuwaonetsa kuti mulu wa wakufa ukhoza kuchepa. Amayi sanagwirepo kamera, koma buluu amamudziwa kuposa aliyense amene ndinakumana naye. Anandiphunzitsa kuti dzuwa la masana limapha mtundu, ndiye nthawi yanga ya nkhomaliro inali yoipa kuposa zonse. Anati buluu amadzuka akanyowa kapena akakhala pamthunzi, ndipo akakhala yekhayekha amatopetsa maso, amafuna choyera pambali pake. Ndinayamba kudzuka m'mamawa n'kumajambula ndisanalowe ntchito, kapena kuthamangira panja mvula ikangokata, matope ali m'mapazi. Mulu wa wamoyo unayamba kukula. Iwo anayambanso kundituma: kwa a shehe kuli ketulo yoti ndikaione, pa chigayo pamabwera mayi wa chitenje china chabwino, koma ndimupemphe kaye. Patapita miyezi analola foni kulowa pabwalo, bola izikhala m'chikwama iwo akakhala pafupi.

Ulendo uliwonse potsanzika ndinkafunsa kamodzi kokha, osachonderera: "Amao, lero?" Iwo ankati ngwamba, ine n'kunyamula chikwama. Zinafika pokhala ngati mbali ya kutsanzikana, mpaka mlamu ankayankhira limodzi nawo ali kukhitchini. Achimwene anandiuza kuti ndikuvuta nkhalamba pachabe, ine ndinawayankha kuti kuuma mutu ndinatengera kwa nkhalamba yomweyo.

Nthawi ya mvula amayi anadwala malungo aakulu, anagonekedwa kuchipatala masiku atatu. Tsiku lachiwiri masana anali m'tulo, mpango utasuntha, nkhope ili poyera, kuwala kwa pa windo kukuwagwera bwino lomwe. Mlamu anandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti ndijambule msanga, sitikudziwa za mawa. Foni ndinaitulutsa ndithu. Ndinkaona kuti mwina mpata wina sudzapezekanso, ndipo ndidzadziimba mlandu moyo wanga wonse. Ndinaigwira kanthawi, kenako ndinaibwezera m'chikwama n'kuwakonzera mpango. Mlamu anandinena kuti ndine wopusa, ndipo tsiku limenelo ndinkagwirizana naye. Amayi anachira, ndipo atangofika kunyumba anafunsa kuti mikanjo anachapa ndani.

Ku boma ndinkakonzekera. Ndinali nditazindikira kuti chimene chinachiritsa foni tsiku lija chinali nsalu yoyera imene inabwezera kuwala pankhope. Ndinagula nsalu yoyera, amayi anandiviikira m'beseni lomaliza osafunsa ntchito yake, ndipo ndinayamba kuyesera pa aliyense wololera: mnzanga wa pa fotokope, amayi ogulitsa usipa, ngakhale bambo wa kabaza amene amandinyamula m'mawa. Munthu pamthunzi, nsalu padzuwa chakumbali kwake, ine mapazi atatu kuchokera pamene wakhala, galasi la kamera nditalipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje. Ena anatuluka otuwa ndithu n'kundiuza kuti ndiwafufute ndisanawathetsere ukwati. Ndinapitiriza chifukwa ndinkadziwa kuti amayi akadzalola adzalola kamodzi, ndipo sindidzapatsidwa mpata wonena kuti tibwereze.

Chaka chinatha, china n'kufika pakati. Kutatsala masiku ochepa kuti kukhale Idi mikanjo inachuluka, msana wa amayi unakana, ndiye ndinapita kukachapa ine, iwo atakhala pa mpando kumalamula. Beseni lomaliza anandisiyira koyamba. Mkanjo woyamba ndinauchedwetsa m'madzi, unatuluka ndi mizere ngati yunifolomu ya sukulu, ndipo amayi anaseka mpaka kutsokomola, ati mwini wakeyo akapemphera ali kumbuyo kwenikweni. Ndinauchapanso. Yotsalayo inayera bwino ndipo sananene kanthu, komwe kwa amayi ndiko kuyamikira. Cha m'ma fili koloko ndinatenga chikwama, ndinafunsa funso langa lija maso ali kale kunjira.

"Kamodzi," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, koma iwo anali atayamba kale kutchula malamulo awo. Chithunzi chikhale chimodzi. Foni isachoke pa Chiponde chili m'katimo. Mlamu apite nane kukatsukitsa pepala limodzi lokha, ndipo pobwera ndifufute pamaso pawo, kuphatikizapo kumene zofufutidwa zimakabisala kuja. Ndinayang'ana mlamu, iye anayang'ana kumbali. Ndinavomera zonse.

Analowa m'nyumba, anatuluka atavala mpango woyera umene anauviika okha. Ndinaika mpando pamthunzi wa mango, pafupi ndi zingwe za mikanjo imene inali padzuwa, moti nsalu yanga ija sinafunikenso. Ndinagwira foni ndi manja awiri, zigongono ndinazipanikiza m'nthiti, ndinapuma katatu. Amayi sanamwetulire. Anakhala mowongoka, manja pa maondo, zala za buluu zikuoneka, ndipo anandiyang'ana m'maso penipeni. Ndinadina kamodzi.

Ine ndi mlamu tinakwera njinga yamoto kupita kwa wotsuka zithunzi wa pafupi ndi msika, tinabwerako ndi pepala limodzi. Chithunzi chinatuluka bwino. Sindinajambulepo china chabwino chotero, ndipo panjira ndinali nditasankha kale khoma la m'chipinda changa ku Mangochi pamene chidzakhale. Ndinafufuta m'foni pamaso pawo, konsekonse, mlamu akuchitira umboni. Amayi anatenga pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati mpango wayera bwino. Ndinatambasula dzanja. Iwo analilowetsa mu envulopu, analowa kuchipinda, ndipo ndinamva loko wa bokosi lawo la malata akutsekedwa.

"Amao, nanga changa chija?" ndinafunsa atatuluka.

"Ndi chako, mwanangu. Ndikamwalira udzatsegule, kiyi adzakupatsa mlamu wako. Ndikakupatsa lero uzikandiyang'ana pakhoma ku Mangochi, kuno n'kusiya kubwera. Ukafuna nkhope yanga, ili pano."

Ndinapsa mtima kwambiri. Chaka ndi theka ndikupempha, ndikuphunzira, ndikudziletsa, kenako n'kubwerera ndi chikwama chopanda kanthu. Ndinachoka osatsanzika bwino, ndipo mkwiyo unandiperekeza mpaka kutsika mapiri. Pofika pa mlatho wa Shire unali utatha, chifukwa ndinafunafuna choti ndiwatsutse nacho koma sindinachipeze. Amayi amandidziwa.

Mpaka pano ndimakwera minibasi masabata awiri aliwonse. Timakhala pa khonde n'kumakangana za zithunzi, ndipo akamayankhula ndimawayang'anitsitsa mpaka amandifunsa ngati ali ndi kanthu pamphuno. Chithunzi chija ndinachiona kamodzi kokha, ndipo sindikufulumira kuchionanso.